Tikavala zakuda pa kabaza, dalaivala sationa

Pagulu pano timakonda kufunsana za mtengo wa randi, za basi imene ikunyamuka msanga ndi za msonkho wa pa boda. Lero ndabwera ndi nkhani ya chovala chimene timavala tikakwera njinga kutada. Ena muona ngati yachibwana, koma werengani kaye mpaka kumapeto.

Mwezi wa June chaka chatha ndinachedwa pa boda ya Mchinji pochokera ku Chipata. Minibasi zinali zitatha, ndiye ndinapeza malo m'thiraki ina yopita ku Lilongwe, kutsogolo pambali pa adalaivala. Titadutsa pa Kamwendo, kutsogolo kunabwera galimoto itawalitsa nyali zake zonse, moti tonse tinatsinzina pang'ono. Itangotidutsa, ndinaona chinthu chakuda chili pamphuno penipeni pa thiraki. Adalaivala anapotoza chiwongolero, matayala analira, ine ndinagwira kumutu. Inali njinga. Wopalasa anavala jekete yakuda, kumbuyo kunali mayi atafunda chitenje chobiriwira moderako, chikwama chili pamiyendo. Panalibe nyali, panalibe chonyezimira chilichonse. Tinawaphonya ndi mpata wosakwana mkono, ndipo sindikukhulupirira kuti iwo anadziwa n'komwe zimene zinatsala pang'ono kuchitika.

Adalaivala aja anakhala chete kwa nthawi, kenako anandiuza kuti akanawagunda, mawa lake anthu akanati anali ataledzera. Ine chimene chinandisowetsa tulo n'china. M'mawa wa tsiku lomwelo, cha m'ma 4 koloko, ndinali nditakwera kabaza kupita kudepoti nditavala juzi yakuda ndi mpango wakuda. Mayi uja anali ngati ine ndemwe.

Chimene chimatinamiza n'chakuti ukakhala panjinga, nyali za galimoto umaziona zili kutali kwambiri. Msewu umawala, chithunzithunzi chako chimaoneka patsogolo, ndiye mumtima umati dalaivalayo wandiona. Sanakuoneni. Inu mukuona nyali, iye akuona mdima. Kuti akuoneni, kuwala kwa nyali zake kuyenera kufika pa inu n'kubwerera m'maso mwake, ndipo nsalu yakuda imameza pafupifupi kuwala konse kumene kwaifika.

Tiyeni tiwerengetse monga timachitira ndi katundu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala wamaso, wosatopa, amafuna sekondi imodzi kapena kuposerapo kuti azindikire chimene waona n'kuponda buleki. Pamenepo mamita 22 apita kale phazi lisanagwire ntchito. Mukaphatikiza ndi mtunda umene matayala amafuna kuti aime, galimoto yaing'ono pamsewu wouma imadya mamita oposa 50, theka la bwalo la mpira. Thiraki yodzaza feteleza kapena simenti imafuna wotalikirapo, ndipo kukagwa mvula ndiye musanene. Tsono nyali zikakhala kuti zatsitsidwa chifukwa kukubwera galimoto ina, zimaunika bwino mamita 50 kapena 60 basi, ndipo munthu wa zakuda amayamba kuoneka ali pafupi kuposa pamenepo. Ndiye kuti pamene dalaivala akukuonani, mtunda woimira watha kale. Chimatsala n'kupotoza chiwongolero, ngati mbali inayo kulibe galimoto.

Musaiwale kuti mdima wakwathu kuno sulawira. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo pofika 6 koloko kwada bii. Munthu amanyamuka pamsika kukuwala, amati ndifika kusanade, koma mdima umamupeza panjira. Nthawi ya chisisirayi ndi yoipa kwambiri chifukwa maso a dalaivala sanazolowere mdima, ndipo ena amakhala asanayatse nyali. Onjezani nkhungu ya pa Dedza m'mamawa, chiperoni cha ku Muloza, utsi wa tchire ndi fumbi la mu September ndi October, komanso galasi lakutsogolo lodzaza fumbi ndi ming'alu. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya anthu ambiri. Anthu amenewo ndi ife ndi anyamata amene amatinyamulira katundu.

Chifukwa chimene timakondera zakuda ndikuchidziwa, nanenso ndi wageni. Ulendo wa ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge ndi wa masiku awiri kapena atatu, ndipo palibe amafuna kufika atathimbirira. Chakuda sichionetsa litsiro. Wakabaza nayenso amagwira tcheni, girisi, matumba a makala, ndipo sopo wakwera mtengo. Pa kaunjika majekete ambiri ofunda ndi akuda kapena abuluu woderako. Zonsezi n'zoona. Sindikunena kuti titaye zovala zathu. Ndikunena kuti pamwamba pa chakudacho pazikhala china chooneka pa mphindi zimene tili pamsewu.

Pali chinthu chimodzi chimene ife okwera sitichiganizira. Anyamata ambiri a m'masiteji masiku ano ali ndi mavesti owala, ndipo tikawaona timati tatetezeka. Koma galimoto yochokera kumbuyo siona msana wa wopalasa. Imaona msana wanu. Mukakhala pakeriyala mwavala jekete yakuda, mwaphimba vesti yonse ija. Chimodzimodzi katundu. Belo la zovala, thumba la chinangwa, makatoni okutidwa ndi pepala lakuda poopa mvula, zonsezi zimabisa vesti ndi karifulekita kofiira kamene kali pansi pa chishalo. Njinga imasanduka mulu wakuda wotambalala kuposa mmene dalaivala akuganizira. Ndiye chooneka chiyenera kukhala pa chinthu chimene chili kumbuyo kwenikweni, kaya ndi inu kaya ndi katundu wanu.

Nazi zimene zimathandiza, potengera nthawi.

Masana, m'mamawa kutayamba kuyera ndi madzulo dzuwa likulowa, nsalu zowala kwambiri zachikasu kapena zaolenji zija ndizo zimagwira ntchito. Zimadalira kuwala kwa dzuwa. Usiku weniweni mphamvu yake imachepa, zimangofanana ndi nsalu ina iliyonse yoyererako.

Usiku chimene chimapulumutsa ndi timizere tasiliva tija. Timeneti timabweza kuwala kumene kwachokera, ndiye dalaivala amationa ali kutali, nthawi yoponda buleki ikadalipo. Malaya oyera ndi abwino kuposa akuda, koma safika pa timizereti.

Lamba wonyezimira wa pa akakolo a wopalasa amathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Miyendo ikamazungulira, kuwalako kumakwera n'kutsika, ndipo dalaivala amazindikira msanga kuti uyu ndi munthu ali panjinga, osati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu. Komanso nyali zotsitsidwa zimayamba kuunika pansi, ndiye akakolo amawala msana usanawale. Timarifulekita ta pa mapedulo timagwira ntchito yomweyo, tisamatichotse.

Nyali ikhale yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, monga zilili pagalimoto. Mukaika yoyera kumbuyo mumasokoneza dalaivala, amaganiza kuti mukubwera pamene mukupita. Nyali ndi yofunika chifukwa rifulekita imadikira kuunikidwa. Pamphambano, pakona, kapena mukakumana ndi galimoto ya diso limodzi, rifulekita siithandiza mokwanira. Palinso za mathiraki: dalaivala amakhala pamwamba kwambiri, kutali ndi nyali zake, ndiye kuwala kobwerera kumamufika kocheperako kuposa wa galimoto yaing'ono. Nyali yofiira ilibe vuto limeneli. Zotchaja ngati foni zilipo zambiri tsopano.

Ena amamangirira ma CD akale kumbuyo. Kuganiza kwake n'kwabwino, koma CD ili ngati kalilole, imataya kuwala kumbali ndipo imangothwanima mwa apo ndi apo. Musaidalire.

Pogula vesti musangoona mtundu. Zina zili ndi mizere yotuwa imene sinyezimira konse. Imani patali masitepe 20 pamalo amdima, gwirani tochi ya foni pafupi ndi diso lanu n'kuunika. Ikakhala yeniyeni mzere uja umawala ngati wayatsidwa. Kapena ijambuleni ndi fulashi. Muziyesanso ikachapidwa kambirimbiri, chifukwa mizereyi imatha.

Ndikudziwa kuti mundiyankha kuti olakwa ndi madalaivala. Amathamanga, ena amaledzera, ena amayenda usiku wonse osagona, ena satsitsa nyali, ndipo misewu yathu yambiri yadyeka m'mbali moti wanjinga alibe pothawira. Sindikutsutsa. Woyendetsa matani ambirimbiri ndiye ali ndi udindo waukulu, ndipo munthu akagundidwa tisamathamangire kufunsa kuti anavala chiyani ngati kuti anadzipha yekha. Vesti siingaimitse woledzera. Koma madalaivala ambiri si oledzera, ndi anthu ngati amene ananditenga aja, amene akanapewa akanaona msanga. Liwiro la thiraki sindingalisinthe ndili pakeriyala. Chovala changa ndingachisinthe lero lomwe. Mlandu mukhoza kuwina kukhoti, koma mwendo subwerera.

Tsopano nkhani imene sitikonda kuikamba poyera. Pali ena amene amavala zakuda n'kuchotsa nyali mwadala, chifukwa akudutsitsa katundu njira zachidule usiku ndipo sakufuna kuonedwa. Ndipo amene amawatuma nthawi zambiri ndi ife. Timagona palodge kudikira katundu, mwana wa eni ali mumdima ndi makatoni athu. Njira zachidule zonse zimathera pamsewu wa tala. Amene wabisala kwa ofisala wabisalanso kwa dalaivala wa thiraki. Akagundidwa, katundu wapita, mpamba wapita, ndipo kumudzi kwina kuli maliro amene sitidzapitako n'komwe. Tisanatume munthu mumdima, tiyambe tafunsa pa boda za ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, ija amati STR. Pa Mchinji ndi Mwami imagwira ntchito pa katundu amene ali pamndandanda wogwirizana, ndipo ambiri timazemba tisanafunse n'komwe kuti tikanalipira zingati. Safunsa anadya phula.

Za ndalama sindinena zambiri. Vesti imodzi ndi kanyali kofiira sizifika mtengo wa nsapato imodzi imene timaoda. Yerekezani ndi ngozi yochitikira kudziko la eni, ku Milange kapena ku Kasumulu: chipatala cha chilankhulo china, achibale osadziwa kumene muli, ndiponso mtengo wobweretsa thupi kumudzi zikavuta. Amene munasonkhapo pagulu lino mukudziwa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Aliyense akhale ndi vesti yakeyake m'chikwama, pamodzi ndi pasipoti. Imapindika n'kukwana m'thumba. Mukakwera kabaza kutada muivale pamwamba pa jekete. Ngati katundu ndiye ali kumbuyo, imangirireni pakatundupo mizere ikuyang'ana kumbuyo. Mukaiwala, fundani chitenje choyera kapena chachikasu, n'chabwino kuposa kukhala opanda kanthu. Musachite manyazi kuti muoneka ngati mlonda. Mbewa yamanyazi inafera kudzenje.

Ambirife tili ndi mnyamata mmodzi amene timamuimbira foni nthawi zonse tikafika pa boda kapena padepoti. Amadziwa nyumba yathu, timamusiyira katundu wa ndalama zambiri osaopa. Mugulireni vesti, malamba awiri a pa akakolo ndi nyali. Pasiteji, sankhani njinga imene ili ndi nyali, ndipo muuzeni winayo mwaulemu chifukwa chimene mwamusiyira. Makasitomala asanu akanena zomwezo, mawa mudzamupeza atagula. Mukumbutseninso kuti apalase kumanzere, motsatana ndi magalimoto, popeza ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa konse timayenda kumanzere. Inu mukatsika n'kuyamba kuyenda pansi pamsewu wopanda njira ya oyenda pansi, yendani kumanja kuti muziona galimoto imene ikubwera.

Inu amene mumaoda ku Kariakoo, ku Kamwala ndi ku Johannesburg, ikaniko mavesti, malamba ndi tinyali m'katundu wanu. N'zopepuka, sizidya malo, siziwola, ndipo siteji iliyonse ya kabaza ndi msika. Koma bweretsani zenizeni, muziyese ndi tochi musanalipire.

Mnyamata amene amandinyamula ndinamugulira zake sabata yomwe ija. Poyamba ankaziika m'thumba, amati anzake amuseka. Ndinamuuza kuti tsiku limene ndidzamupeze asanavale ndidzakwera ina. Panopa amavala, ndipo pasiteji yawo aliko kale atatu. Amene muli ndi madalaivala m'banja, afunseni zimene amaona usiku, mudzatiuze pano. Muyende bwino nonse amene muli panjira sabata ino.