Getsi la thanki ya nsomba lisapasule banja

Agogo Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 27, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi wa chaka ndi miyezi 8. Chaka chatha amuna anga adagula thanki ya galasi yowetera nsomba zokongoletsa pabalaza. Ndi ya masentimita 60 mulitali, ndipo muli tinsomba ndi zomera za m'madzi. Poyamba zinkasangalatsa, mwana akamalira tikamuonetsa nsombazo ankatonthola. Koma pano zomera zikuchita chikasu n'kumaola, madzi nawo abiriwira. Bambowa akuti vuto ndi getsi, ndiye akufuna kuitanitsa lina ku Johannesburg la mtengo woposa lendi yathu ya pamwezi. Podikira alendewetsa babu lachikale pamwamba pa madzi, waya wake ndi wolumikiza ndi jumbo, ndipo likuyaka usana ndi usiku. Ndikayankhulapo akuti sindidziwa kanthu. Kodi ndiwalole, kapena thankiyo ingochoka?

Mayi wodandaula, Zomba.

Zikomo mwanangu polemba kalatayi. Tisanakambe za zomera, ikani kaye nyuzipepalayi pansi, mupite mukazimitse babu limenelo pasoketi ndi kuzula pulagi. Magetsi a m'nyumba zathu muno ndi a 230V, ndipo babu lolendewera pamwamba pa madzi ndi waya womanga ndi jumbo ndi msampha. Likangogwera m'madzi, aliyense woviika dzanja mmenemo ali pangozi, ndipo mwana wa msinkhu umenewu saona waya n'kuusiya osaukoka. Zomera zitha kukhala masiku angapo popanda getsi, sizifa. Mwabwerako? Tsopano tikambirane, ndipo bambo nawo akhale pafupi chifukwa zambiri ndikuyankhula ndi iwo.

Bambo, simudalakwe kwenikweni poganizira getsi. Zomera za m'madzi, monga chimanga kumunda, zimapanga chakudya chake pogwiritsa ntchito kuwala, mpweya wa carbon dioxide ndi michere. Koma zitatuzi zimayendera limodzi. Mukachulutsa kuwala pomwe mpweya ndi michere zili zochepa, chomera sichitha kugwiritsa ntchito kuwala konseko, ndipo amene amapindula ndi ndere. Madzi obiriwirawo akukuuzani kuti kuwala kwapitirira kale, osati kwachepa. Walira mvula walira matope. Getsi lamphamvu la ku Johannesburg likafika pa thanki imeneyi, ndere ndiye zidzachita kuvina.

Ndikudziwa kumene mtima wanu udakopeka. Zithunzi za mathanki ooneka ngati nkhalango zimene mumaona pafoni zidatchuka ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe adamwalira mu 2015. Chimene chithunzi sichikuonetsani ndi chakuti kuseri kwa mathanki ambiri otere kumakhala botolo la mpweya wa carbon dioxide, feteleza wamadzi wothira mwa ndondomeko, dothi lapadera ndi munthu wodulira zomerazo sabata ndi sabata. Kugula getsi lokha la mtundu umenewo kuli ngati kugula matayala a lole pomwe muli ndi njinga yakapalasa.

Choncho yambani ndi zimene sizilira ndalama. Ngati thanki ili ndi galasi lovundikira pamwamba, lichotseni mulitsuke ndi viniga ndi kulitsukuluza bwino, chifukwa zoyera zimene madzi amasiya akauma zimatchinga kuwala kwambiri. Ngati idabwera ndi chivundikiro chokhala ndi getsi lachubu, pukutani chubucho, ndipo m'kati mwa chivundikiro mupake penti yoyera kuti kuwala kuzibwerera m'madzi. Chubu chikagwira ntchito kupitirira chaka chimayamba kufooka ngakhale chikuyakabe. Pochisintha musachiswe, ndipo musachisiye poti ana aseweretse, pakuti m'kati mwake muli mercury amene ndi poizoni. Onaninso pamene thanki yakhala. Ngati dzuwa la pawindo limaiomba mwachindunji, isuntheni kapena tsekani katani. Dzuwa ndi laulere, inde, koma limabweretsa ndere ndi kutenthetsa madzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala.

Tsopano za kugula. Simufunika getsi lolembedwa kuti ndi la nsomba. Getsi la LED la 10W, lamtundu uja timaika panja pounikira bwalo, limene limapezeka m'mahadiweya ambiri, limakwanira pa thanki yanuyi. Pabokosi pake yang'anani zinthu zitatu.

Choyamba ndi mtundu wa kuwala. Sankhani lolembedwa 6500K kapena daylight, loyera ngati kuwala kwa masana. Lolembedwa 2700K kapena 3000K nalo zomera zimakula, koma thanki imaoneka yachikasu ngati tiyi wopanda mkaka.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa kuwala, kumene amalemba kuti lumens kapena lm. Musamangoyang'ana mawatsi, chifukwa mawatsi amanena za magetsi amene getsi likudya, osati kuwala kumene likupereka. Oweta zomera za m'madzi amati zomera zosavuta zimafuna ma lumens 10 mpaka 20 pa lita iliyonse ya madzi. Thanki ya masentimita 60 mulitali, 30 mulifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 54. Ndiye kuti mukufuna ma lumens apakati pa 540 ndi 1,080. Getsi la LED la 10W kawirikawiri limapereka pafupifupi 800, pakatikati penipeni. Amene thanki yanu ndi yaikulu, yezani mbali zitatuzo m'masentimita, muchulukitse, mugawe ndi 1,000, mupeza malita anu. Thanki yaitali kwambiri imaunikidwa bwino ndi magetsi awiri ang'onoang'ono kusiyana ndi limodzi lalikulu pakati.

Chachitatu, chimene ine namwino sindinyengerera, ndi chizindikiro cha IP65 kapena kuposerapo. Chimatanthauza kuti fumbi ndi madzi othovukira sizilowa m'kati. Sichitanthauza kuti mutha kuliviika m'madzi ayi. Getsilo limangidwe ndi masikulu pathabwa kapena pachitsulo cholimba, masentimita 15 mpaka 20 pamwamba pa madzi, pakati pakhale galasi lovundikira. Zomangira ndi linya kapena kutsamiritsa pam'mphepete mwa thanki, izo ayi. Amene muli ndi batire ya sola m'nyumba, timagetsi ta LED ta 12V tokhala ngati lamba ndi tabwinonso, ndipo mphamvu yake ndi yochepa moti ngozi yake imachepa.

Mayi, nayi nkhani yoti ikusangalatseni. Babu lachikale la 60W likamayaka usana ndi usiku limadya mayunitsi 43 pamwezi. Getsi la 10W loyaka maola 8 patsiku limadya mayunitsi 2.4 basi. Babu lachikale mphamvu yake yambiri imathera pa kutentha, n'chifukwa chake likakhala pafupi limafunditsa madzi, pomwe nsomba zambiri zoweta m'nyumba zimakondwa madzi akakhala apakati pa madigiri 24 ndi 28. Madzi akatentha mpweya wopuma umachepa, ndipo mudzaona nsomba zikubwera pamwamba kudzatsegula kukamwa.

Mukapeza getsilo, nkhani yaikulu yatsala ndi nthawi. Yambani ndi maola 6 patsiku, ndipo pakatha milungu itatu kapena inayi zinthu zikuyenda bwino, onjezerani pang'onopang'ono mpaka maola 8. Usiku kukhale mdima. Nsomba zilibe zikope zoti zitsinzine, mdima ndiwo umazipatsa mpumulo, ndipo yosapumula imadwala msanga ngati mmene amachitira munthu. Sankhani maola amene banja limakhala pabalaza, monga kuyambira 2 koloko masana mpaka 8 koloko usiku, kuti nonse muzidyerera maso.

Ngati pali kanthu kachiwiri koti mugule, kakhale kawotchi kolowetsa pasoketi koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pakokha, kamene m'masitolo amakatcha timer. Kamathandiza zomera kuposa getsi lodula, chifukwa sikaiwala ngati ife. Dziwani chabe kuti kokhala ndi gudumu lozungulira kamaima magetsi akathima, ndiye akayaka muzikakonzanso nthawi. Kokhala ndi batire m'kati kamasunga nthawi kokha. Ndipo magetsi akathima tsiku lonse, musabwezere poyatsa usiku wonse. Tsiku lotsatira pitirizani monga mwa nthawi zonse. Pa nthawi yotere chodetsa nkhawa ndi pampu ya mpweya, osati getsi.

Nanga ndere zimene zabwera kalezi? Zimitsani getsi, phimbani thanki yonse ndi bulangete kwa masiku atatu, pampu ikugwirabe ntchito. Kenako chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madziwo n'kuthira ena, ndipo muzitero sabata iliyonse. Madzi apampopi ayambe agona tsiku lathunthu m'ndowa kuti chlorine auluke. Chepetsaninso chakudya, muzipereka chimene nsomba zitha kumaliza m'mphindi ziwiri. Chotsala chimaola n'kukhala manyowa a ndere. Masamba ofa achotseni, ndipo poweruza ngati zinthu zikusintha muziyang'ana masamba atsopano, chifukwa tsamba lachikasu silibwereranso kubiriwira.

Mwinanso vuto si getsi konse, koma mtundu wa zomera ndi nsomba. Zomera zofiira ndi zija zoyala pansi ngati kapinga ndizo zimafuna kuwala kwamphamvu ndi botolo la mpweya. Zisiyeni. Funsani Anubias, amene kwawo ndi kumitsinje ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, Java fern wa ku Asia, kapena Vallisneria wa masamba ataliatali ngati udzu, amene amameranso m'malo osaya a m'nyanja yathu ya Malawi. Anubias ndi Java fern musawakwirire tsinde mumchenga, amaola. Amangirireni pamwala kapena pamtengo ndi ulusi. Ngati nsomba zanu ndi mbuna, dziwani kuti kwawo ndi kumiyala, ntchito yake ndi kupala ndere ndi kufukula mchenga, ndipo zomera zofewa zimazidya ngati ndiwo zamasamba. Apo ngakhale mutagula getsi la mtengo wa galimoto palibe chingasinthe. Ikani Anubias, chifukwa masamba ake ndi olimba ndipo kawirikawiri mbuna zimawasiya.

Pofuna kupulumutsa ndalama, musakazule zomera kudambo, kumtsinje kapena kunyanja. Zimabwera ndi nkhono, ndipo nkhono zina ndizo zimasunga tizilombo toyambitsa likodzo, timene timalowa pakhungu munthu akangoviika dzanja. Mungadzadabwe mwana akukodza magazi pomwe kunyanja sadapiteko. Namasupuni nayenso ayi. Amayandama pamwamba n'kutchinga kuwala kwa zomera zapansi, ndipo ndi yemwe uja wa ku South America amene wakhala akusautsa mumtsinje wa Shire. Zomera zimene mwadulira muziumitsa padzuwa n'kutaya kudzala, osati mungalande. Njira yotchipa ndi yabwino ndi kupempha mphukira kwa mnzanu amene ali kale ndi thanki.

Makolo nonse amene muli ndi thanki m'nyumba, mfundo zotsatirazi musazidumphe. Soketi ikhale pambali ndiponso pamwamba, osati pansi pa thanki. Waya aliyense ayambe watsika m'munsi kenako n'kukwera kupita kusoketi, kuti dontho lotsetsereka pawaya ligwere pansi lisadafike kumagetsi. Ekisitenshoni isagone pansi pomwe mwana amakwawa ndi pomwe mumakolopa. Musanaviike dzanja m'madzi, zulani mapulagi onse. Itanani wodziwa zamagetsi aone ngati nyumba yanu ili ndi switchi ija yodzizimitsa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi, imene amaitcha earth leakage. Ndalama imeneyo ndiyo yosadandaulitsa.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 54 pamodzi ndi galasi, mchenga ndi miyala imayandikira makilogalamu 70. Ikhale patebulo lolimba losagwedera, ndipo pafupi pasakhale mpando woti mwana akwerepo potsatira kuwala. Ndowa ya madzi ogoneka ija ikhale yovundikira, m'chipinda chotseka. Mwana wongoyamba kuyenda mutu wake umalemera, akagwera chamutu m'ndowa satha kudzuka yekha, ndipo amamira mwakachetechete m'madzi ochepa kwambiri. Mukatha kugwira za m'thanki sambani m'manja ndi sopo, ndipo amene ali ndi bala padzanja asaviikemo.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamukhudze ndi manja. Thamangirani kukazimitsa switchi yaikulu, ndipo ngati ili patali mukankheni ndi mtengo wouma inu mutaponda pouma. Pitani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuotcha m'kati khungu likuoneka labwinobwino.

Mwanangu, thanki isachoke. Bambo amene amathera madzulo ake pabalaza kusamala tinsomba ndi kuonetsa mwana wake ndi wofunika kumulimbikitsa, ambiri akulira kuti awo sadziwika komwe ali. Koma nanu bambo, mawu oti sudziwa kanthu sauzidwa kwa munthu amene mumasenza naye lendi, ndipo pa nkhani ya waya uja amene adaona patali ndi mayiwa. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi, mugwirizane ndalama imene thanki izidya pamwezi, mugule getsi la 10W ndi kawotchi kaja, mudikire milungu 6. Mphukira zatsopano zikayamba kutuluka, mayi ndiwo akhale oyamba kuitanidwa kuti adzaone.

Tionanenso Lamulungu likudzali.