Za Achinyamata: Mlombwa Usamapite Uli Chipika

Mayeso a kalasi 12 akatha, makolo ambiri kuno ku Milange amafuna mwana wao akhale mphunzitsi, namwino kapena kalaliki wa m'boma. Mwana akati akufuna kukaphunzira za mipando, bambo amagwira pakamwa, amvekere sukulu yonse ija yapita m'madzi. Maganizo amenewa ndi ofunika kuwaonanso bwino.

Zambezia ndi mwini mitengo. Mlombwa, umene Apwitikizi amati umbila, pamodzi ndi chanfuta ndi jambirre, yakhala ikukwezedwa m'malole ili zipika ndi kukatsikira ku China. Odula amalandira zochepa, phindu lenileni amadya ndi amene amasandutsa mtengowo kukhala tebulo kapena kabati. M'chaka cha 2017 boma linaletsa kutumiza zipika zosacheka kunja, ndipo linalanda mitengo yambiri pa Operação Tronco, ina n'kupangira madesiki a m'sukulu. Tsono matabwa akatsala m'dziko muno, adzawapanga ndani?

Akalipentala alipo kale pamsika, ndipo sowo, randa ndi nyundo amazidziwa. Koma ambiri amangotengera mpando wa mnzao. Wophunzira luso lokonza maonekedwe a mipando amayamba ndi pensulo. Amajambula, amayeza, nawerengera matabwa kuti asaonongeke. Amadziwa kuti pokhalira pa mpando payenera kutalika masentimita ngati 45 ndipo tebulo lodyera ngati 75, apo ayi wodya nsima amapweteka msana. Amadziwanso kuti thabwa laliwisi limakhota likauma, n'chifukwa chake zitseko zina zimakana kutsekeka pakangopita miyezi yochepa.

Kokaphunzira kulipo. Bungwe la boma la IFPELAC limaphunzitsa ntchito zamanja, ndipo lili ndi malo ku Quelimane. Ku Mocuba, yunivesite ya UniZambeze imaphunzitsa za nkhalango ndi mitengo. Wofuna digiri ya Design angayese ku ISArC ku Matola, pafupi ndi Maputo. Kutsidya kwa Muloza, m'dziko la Malawi, sukulu zaumisiri monga Soche ku Blantyre ndi Nasawa ku Zomba zakhala zikutulutsa amisiri a matabwa. Atsikana nawonso asaope, pakuti pensulo ndi sikweya sizisankha munthu.

Vuto ndi ndalama za ulendo, malo ogona ndi zipangizo, ndipo si banja lililonse lingakwanitse. Wosowa poyambira asakhale pansi kudikira. Apite kwa mmisiri wa pafupi akagwire randa chaka chimodzi, azijambula m'kope chilichonse chimene wapanga, ndi kusunga pang'onopang'ono zimene walandira. Kope lotere limamuyankhulira pofunsira malo. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Makolo aganizire izi: mlombwa umatenga zaka makumi angapo kuti ukule. Ukagulitsidwa chipika umadyetsa banja sabata zingapo, koma m'manja mwa mwana wophunzira ungatuluke mipando yolipirira abale ake sukulu.