Ndege ya Lilongwe–Blantyre: werengani ulendo wonse

Mnzanga wina wa ku Area 10 amandiseka ndikamakwera basi kupita ku Blantyre. "Aise, ndege ilipo, ola lisanathe wafika," amatero. Sakunama ayi. Kuchoka pa Kamuzu International Airport kukatera ku Chileka, ndege siima paliponse ndipo simatha ola. Koma ine ndimati tiwerenge ulendo wonse, kuyambira pakhomo mpaka komwe ukupita.

Bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita oposa 20 kuchokera ku City Centre. Ngati mukuchokera ku Old Town, muwerengerenso mdipiti wa magalimoto pa Area 18 ndi ku Kanengo. Pabwalo muyenera kufika kutatsala ola kapena kuposerapo, chiphaso cha unzika kapena pasipoti zili m'manja. Mukatera ku Chileka, kwatsalanso makilomita pafupifupi 16 kuti mulowe m'tauni. Mukaphatikiza zonsezi, maola atatu akwana. Basi yodzera pa Dedza, Ntcheu ndi Zalewa imatenga maola anayi kapena asanu pa mtunda wa makilomita oposa 300. Ndege ikupambanabe, koma osati momwe mnzangayu amanenera.

Chachiwiri ndi ichi. Malawi Airlines, yomwe inayamba maulendo mu 2014 Air Malawi itatha, ndi ya boma (magawo 51 pa 100) ndi Ethiopian Airlines (magawo 49), ndipo ili ndi ndege zochepa. Nthawi zambiri ndege yomwe mwakwera kupita ku Blantyre imakhala ikupitirira ku Johannesburg, yobwerera ku Lilongwe imakhala ikuchokera komweko. Ndiye kuti nthawi yonyamukira imatsata maulendo akunjawo, ndipo ikachedwa uko, inunso mudikira kuno. Ngati muli ndi intavyu kapena mayeso m'mawa, pitani chadzulo lake. Ntchito ingakupulumukeni chifukwa chodalira ulendo umodzi.

Nanga ndalama? Mafuta a ndege ndi zipangizo zake zimagulidwa ndi madola, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamwamba pa tikiti muwonjezere takisi mbali zonse ziwiri.

Kwa ine, ndege ndi ya tsiku lomwe maola awiri ali ndi phindu loposa ndalamazo. Masiku enawa ndimakwera basi ya m'mamawa, foni yodzadza moto, nkhomaliro ndikadyera ku Blantyre.