Kampani si mayi ako, ndipo chip ndi fodya basi

Pali bodza limene likuzungulira m'magulu athu a WhatsApp, ndipo ine ndatopa nalo. Akuti mwana wa ku Mponela kapena ku Malomo akamaliza za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST n'kupeza ntchito kukampani yaikulu ya zamakompyuta kunja, basi wapulumuka mpaka kalekale. Ankolo amalalikira zimenezi paukwati, a "motivation" amazibwereza pa Facebook. Abale, tiyeni tione kaye mmene zimakhalira kumakampani opanga memory chip.

Mufoni mwanumo muli mitundu iwiri ya tinthu timeneti. DRAM ndi imene foni imagwirira ntchito mukatsegula app, NAND ndi imene imasunga zithunzi ndi nyimbo zanu. Vuto lake n'lakuti chip ya kampani iyi sisiyana kwenikweni ndi ya kampani iyo, ndiye wogula amangoyang'ana mtengo. Fakitale imodzi imadya mabiliyoni a madola, ndipo kuimanga kumatenga zaka. Mitengo ikakwera, aliyense amathamangira kumanga. Mafakitalewo akatha, katundu amasefukira pamsika, mtengo n'kugwa chagada.

Mlimi wa ku Dowa kapena ku Ntchisi safunika digiri kuti amve nkhaniyi. Ndi bale weniweni ameneyu. Chaka china fodya alipira bwino, mudzi wonse uwonjezera nazale ndi zigafa, kenako ku okushoni ku Kanengo mabelo angobwezedwa. Funsani makolo anu za 2011, akuuzani.

Taonani manda ake. Intel, imene inatchuka ndi DRAM, inasiya bizinesiyi mu 1985 itapanikizidwa ndi makampani a ku Japan. Qimonda ya ku Germany inagwa mu 2009, mainjiniya a ku Dresden n'kutsala manja m'khosi. Elpida ya ku Japan inagwa mu 2012, Micron n'kuigula mu 2013. Lero pafupifupi msika wonse wa DRAM uli m'manja mwa atatu: Samsung, SK Hynix ndi Micron. Nawonso opulumukawo sanyengerera munthu. Mitengo itagwa, Micron inachepetsa antchito ake ndi pafupifupi 15 pa 100 alionse mu 2023. Anthu amenewo sanali aulesi ayi. Koma pepala la akauntanti silidziwa thukuta la munthu.

Pasanathe nthawi, AI inabweretsa njala ya chip zotchedwa HBM, SK Hynix n'kuyamba kukolola phindu pogulitsa kwa Nvidia. Lero aliyense akuvina. Koma ife ana a alimi timadziwa kuti chaka cha mtengo wabwino ndi chimene chimabzala chaka cha misozi.

Wina anena kuti, "Aise, ndiye tisaphunzire?" Ayi, musandinamizire. Phunzirani, ndipo mulimbikire masamu ndi physics. Samsung inalowa mu DRAM mu 1983 anthu akuiseka, ndipo inakula chifukwa chothira ndalama pamene anzake ankanjenjemera. Pompano ku Dzaleka achinyamata akuphunzira kulemba mapulogalamu ku TakenoLAB. Nzeru sizisankha phiri. Chimene ndikukana ndi kulambira kampani. Kampani imapulumuka potaya anthu, monga bwato limene likumira limatayira katundu m'madzi. Akamakuuza kuti "ndife banja limodzi", dziwa kuti banja limenelo lili ndi ofesi ya HR ndi kalata yako yokonzakonza.

Mlimi wochenjera wa ku Madisi salima fodya yekha. Pambali amaika soya ndi mtedza, ndipo akagulitsa bwino amagula ng'ombe, osati kusambira mowa pa Mponela. Injiniya achite chimodzimodzi: luso lako likhale loti ungalinyamule kupita nalo kwina, usunge ndalama m'chaka cha bonasi, ndipo anzako apantchito uziwadziwa kuposa bwana. Baji ya pakhosi ija amalanda pageti tsiku lomwelo. Zimene zili m'mutu mwako ndi zokhazo zimene mlonda sangakusechere.