Mtondo wa agogo si mphika wa maluwa

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ukugwera bwino chizolowezi chimene chafala m'nyumba za anthu opeza bwino m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, chosandutsa ziwiya za makolo kukhala zokongoletsera pabalaza. Mlendo akalowa m'nyumba zoterezi amalandiridwa ndi mtondo wopakidwa vanishi, wonyezimira ngati nsapato ya msilikali, m'kamwa mwake atazikamo maluwa a pulasitiki. Pakhoma pamakhala lichero lokhomedwa msomali pakati penipeni, ndipo pamwamba pa kabati pali simbi ya makala imene sidalawenso khala chichokereni kumudzi. Mwini nyumba amaloza zonsezi monyadira, nati akusunga chikhalidwe. Koma mwana wa m'nyumbamo akafunsidwa kuti mtondowo adausema ndani, kuchokera ku mtengo wanji, nanga ankasinjamo ndani, amangoti kukamwa yasa. Chiwiya chasungidwa, koma zonse zimene zidachipatsa ulemu zatayika. Kusunga kotere ndiko kuyenera kudzudzulidwa mosapsatira mawu.

Ulendo wa ziwiya zimenezi umayambira kumudzi, kawirikawiri maliro atangotha. Gogo akatsikira kulichete, achibale amagawana zofunda, njinga, malata ndi mbuzi, ndipo zotsala m'nyumba yamasiye zimaonedwa ngati zinyalala: mtondo wong'aluka mlomo, musi wosalala ndi manja a mibadwo itatu, nkhali yakuda ndi utsi, nyali ya galasi, makina osokera a Singer, sutukesi yachitsulo yadzimbiri. Apa ndi pamene wogula zakale amatulukira. Iyeyu amadziwa kuti pamudzi ndalama ndi yosowa, tsono amapereka kangachepe kosakwana n'komwe kugula thumba la feteleza, nasenza katundu yense. Mdzukulu wogulitsayo amaseka mumtima poganiza kuti wapusitsa munthu wa m'tauni. Sadziwa kuti katunduyo akafika m'misika ya ziboliboli m'mizinda kapena m'mphepete mwa nyanja mtengo wake ukwera kangapo, ndipo wina akwera ndege osadzabweranso.

Chimene chimatayika pa malonda otere n'chachikulu kuposa ndalama. Sutukesi yachitsulo ija mwina ndi imene agogo aamuna adabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni, kumene Amalawi zikwizikwi ankapita kudzera ku WENELA. Mu 1974 ndege idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu ntchito kumeneko. Kandalama koboola pakati kamene kali pansi pa sutukesiyo ndi ka nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidatha mu 1963, ndipo masheleni amene ali pambali pake adalowedwa m'malo ndi kwacha ndi tambala mu 1971. Wailesi ya Nzeru imene yafuchirira pakona idapangidwa m'dziko momwe muno. Mwana amene wagwira zinthu zimenezi ndi manja ake, nauzidwa kuti mwini wake adali agogo ake enieni, saiwala mbiri ya dziko lake. Zikagulitsidwa kwa mlendo zimasanduka chitsulo chabe, pakuti wogula amatenga katundu, nkhani yake n'kutsalira kumanda.

Ziwiya zopangidwa ndi manja zili ndi chuma china choposa mbiri, chimene ndi luso. Mtondo wabwino umasemedwa kuchokera ku mtengo wotchedwanso mtondo kapena mitengo ina yolimba, mmisiri n'kukumba m'kati mwake pang'onopang'ono, pamene musi umafuna mtengo wolemera monga tsanya. Lichero limalukidwa ndi nsungwi zong'ambidwa timizere topyapyala, zopalidwa ndi mpeni kufikira zitasalala, m'mbali mwake n'kusokerera mkombero. Mphasa ndi ya bango, mkeka ndi wa mlaza. Mayi woumba mbiya amadziwa dambo kapena chulu chimene chili ndi mtapo wabwino, amaumba ndi manja popanda makina, amasalaza ndi nkhulungo, amaumitsa pamthunzi kuti dothi lisang'aluke, kenako n'kuwotcha pamoto wa nkhuni ndi makungwa. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa dothi lake lili ndi timibowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira kunja ngati thukuta, ndipo mphepo ikamawaumitsa imachotsa kutentha kwa madzi otsala m'katimo.

Wodziwa zimenezi aona yekha kuipa kwa kukongoletsa kosaganizira. Mtsuko ukapakidwa penti kapena vanishi, timibowo tija timatsekeka, ndipo sudzaziziritsanso madzi. Lichero likaboledwa ndi msomali silingapetenso bwino. Mtondo ukathiridwa dothi ndi madzi kuti mumere maluwa, umaola pansi n'kuitana chiswe. Munthu amene akuti amakonda zakale ndi yemweyo akuziwononga, ndipo amatero atavala nkhope ya wosamala chikhalidwe.

Alipo ena amene adzati mawu otere ndi a anthu okanirira zakale. Adzati umphawi ndiwo umagulitsitsa katundu, chigayo chidapumitsa amayi, ndipo ndowa ya pulasitiki imapepuka pamutu kusiyana ndi mtsuko, komanso siisweka mwana akapunthwa. Zonsezi n'zoona. Palibe munthu wanzeru amene angafune kuti amayi abwerere kukasinja mbandakucha mpaka manja kuchita matuza pamene chigayo chili pafupi. Mayi amene wagulitsa nkhali kuti agule mankhwala a mwana sayenera kunyozedwa. Kukongoletsa nyumba nako si mlandu, pakuti makolo omwe ankakonda nyumba yooneka bwino: ankazira pansi ndi dothi lakuda n'kukhuta ndi mwala kufikira patawala, ndipo ankajambula makoma ndi katondo wofiira ndi dothi loyera, makamaka chaka chikamatha. Mlandu uli pa ophunzira ndi opeza bwino, amene ali ndi ndalama zogulira, nthawi yofunsira ndi cholembera cholembera mbiri, koma amagula motchipa kwa wovutika, osafunsa ngakhale dzina la mwini chiwiyacho.

Anthu omwewanso ndiwo amanyoza mmisiri wamoyo. Mipando yolukidwa imene amisiri a kuno amapanga m'mphepete mwa misewu idatchuka kunja, kotero kuti m'masitolo a ku Cape Town, Johannesburg ndi London amaigulitsa pa dzina la dziko lino, ndipo eni nyumba kumeneko amainyadira. Koma Mmalawi wa galimoto akaima pamsewu amanenerera mtengo mpaka mmisiri kutsala ndi ya sopo yokha, kenako n'kupita kusitolo kukalipira mosadandaula mtengo wa mpando wa pulasitiki umene uthyoke miyendo dzuwa likauomba chilimwe chimodzi. Mwana wa mmisiri akaona bambo ake akuchitidwa chipongwe chotere, saphunzira ntchitoyo. Umu ndi mmene luso limafera. Mu 2015 boma lidaletsa majumbo opyapyala, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Dengu, limene ndi yankho lakale la vutoli, limafuna woluka, ndipo woluka amafuna wogula wolipira mwaulemu.

Njala ya zinthu zooneka zakale yabala chinyengo chakenso. Poona kuti wogula amalipira zambiri pa chinthu chothaitha kusiyana ndi chatsopano, ena amasema chiboliboli lero, n'kuchifukiza pautsi, kuchipaka polishi wa nsapato kapena kuchikwirira m'dothi masabata angapo, n'kuchigulitsa ngati cha makolo. Wosonkhanitsa amene safunsa mafunso amadzaza nyumba ndi bodza. Mitengo nayo ikulipira. Phingo, mtengo wakuda umene alendo amaukonda, umakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kuyambira mu 2017 malonda ake pakati pa mayiko adaikidwa pansi pa malamulo a pangano la CITES. Ichi chakoma, icho chakoma, pusi adagwa chagada.

Mayiko ena a mu Africa adaphunzira kale kuti chinthu chikawoloka nyanja sichibwera msanga. Asilikali a ku Britain adalanda zosula zamkuwa za ufumu wa Benin, m'dziko limene lero ndi Nigeria, mu 1897, ndipo padapita zaka 125 kuti Germany iyambe kubweza zimene zidakathera kumeneko, mu 2022. Zina mwa mbalame zamiyala za ku Great Zimbabwe zidabwerera kwawo kuchokera ku South Africa mu 1981, ndipo chidutswa cha mbalame ina chidachoka ku Germany mu 2003. Chigaza cha munthu wamakedzana chimene chidapezeka mumgodi ku Kabwe mu 1921 chidatengedwa kupita ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka zambiri. Mayiko amenewa ali ndi poyambira mlandu chifukwa katundu wawo adatengedwa m'nthawi ya atsamunda eni ake alibe mawu. Nanga banja limene lagulitsa lokha, masana dzuwa likuswa mtengo, lidzadandaula kwa yani? Malawi ali ndi lamulo la mu 1990 loteteza malo ndi zinthu zamakedzana, limene limaletsa kuzitulutsa kunja popanda chilolezo, koma lamulo silingalondere mtondo wa banja lililonse. Mlonda wa mtondo ndi mdzukulu.

Kusonkhanitsa koyenera kulipo, ndipo zitsanzo zake sizili kutali. Ku Mua, m'boma la Dedza, kumene mishoni idakhazikitsidwa mu 1902, wansembe wochokera ku Canada, bambo Claude Boucher, amene adapatsidwa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a KuNgoni mu 1976. Nyumba ya Chamare kumeneko imasunga zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400 pamodzi ndi zinthu za Achewa, Angoni ndi Ayao. Chachikulu pa ntchitoyi n'chakuti chinthu chimasungidwa ndi dzina lake ndi tanthauzo lake, ndipo pambali pake amisiri adaphunzitsidwa kusema kuti luso lipitirire. Akuluakulu adanena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma n'zamanyazi kuti eni mudzi azidikira mlendo kuti awasungire za makolo awo. Ku Chichiri ku Blantyre, nyumba yosungira zakale imene idatsegulidwa mu 1966 imagwira ntchito yomweyo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza mapale a mbiya, mikanda ya galasi, mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China, zimene zidaonetsa kuti likulu la Amaravi linkachita malonda ndi mayiko akutali. Phale losweka lidalankhula chifukwa malo amene lidapezeka ankadziwika. Mbiya yathunthu yosadziwika kwawo ndi yosalankhula. Ngakhale bungwe la UNESCO, pozindikira nsima mu 2017 ngati chuma cha chikhalidwe cha Amalawi, lidalemekeza nzeru yokonza ufa, kuphika ndi kudyera pamodzi, imene imakhala m'manja mwa anthu amoyo.

Zimene mdzukulu angachite si zovuta ndipo sizilira ndalama zambiri. Choyamba ndi kukhala pansi ndi agogo akadali moyo, chiwiya chili pakati, n'kufunsa kuti adachipanga ndani, m'mudzi uti, chaka chanji kapena nthawi ya mfumu iti, ndipo chinkagwira ntchito yanji. Mayankhowo alembedwe m'kope la banja, ndipo kapepala kena kamangiriridwe pa chiwiyacho. Wokhala ndi foni ajambule mawu a agogowo. Chachiwiri ndi kusamala molondola: mtondo uikidwe pamalo ouma, pamwamba pa njerwa kapena thabwa kuti chiswe chisafike, mtsuko usapakidwe kanthu, uthiridwe madzi akumwa monga kale, lichero likolekedwe ndi kachingwe kodutsa pa mkombero, simbi, nyali ndi makina osokera zipukutidwe ndi kansalu ka mafuta pang'ono kuti dzimbiri lisadye.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi kuphunzira kupanga kanthu kamodzi. Mnyamata angathe kusema mthiko ndi chipande pa tchuthi chimodzi ngati akhala pafupi ndi malume ake. Angathe kumanga thandala loyanikapo mbale ndi mitengo inayi yamphanda ndi nsungwi zochepa, kapena kusokerera mkombero wa lichero umene wamasuka. Mtsikana angathe kuphunzira kuluka mkeka waung'ono, kumanga tsache, kapena kuumba kambiya pambali pa azakhali ake. Choyamba kupangidwa chidzakhala chokhota, koma m'mera m'poyamba. Amene alibe nthawi yophunzira agule chatsopano kwa mmisiri wamoyo pa mtengo umene watchula, ndipo amufunse dzina lake kuti ana a m'nyumbamo alidziwe.

Nyumba ya Mmalawi iyenera kukongola, ndipo palibe choletsa mtondo kukhala pabalaza. Koma ukhalepo ngati gogo wolemekezeka amene ana amadziwa dzina lake ndi mudzi wake, amene nthawi zina amatulutsidwa pakhonde kukasinja nsinjiro za ndiwo kuti adzukulu amve kulira kwa musi. Banja limene lili ndi ziwiya zotere lisadikire maliro kuti liyambe kufunsa, pakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Gogo akapita, kope likhala lopanda kanthu, ndipo wogula zakale adzakhala atafika kale pakhomo.