Kamakina koyeza zimene zili mu ufa

Omvera, amene munayezetsapo shuga kuchipatala mukukadziwa kamakina kaja: akubayani pachala, dontho la magazi ligwera pa kapepala, nambala n'kutuluka. Pa kapepalako pamakhala mankhwala amene akakumana ndi shuga amatulutsa timphamvu ta magetsi, ndipo kamakinako kamawerenga kuchuluka kwa timphamvuto. Nzeruyi anaiyambitsa Leland Clark ndi Champ Lyons ku America mu 1962. Lero akatswiri akuyesa njira yomweyo poyeza ma amino acid, tizigawo timene timapanga mapuloteni.

Nkhaniyi ikufika mpaka m'mbale ya nsima kwa Jenala, ku Phalombe. Chimanga chimaperewera ma amino acid awiri, lysine ndi tryptophan. Thupi limapanga vitamini wotchedwa niacin kuchokera ku tryptophan, ndipo niacin ndi tryptophan zikasowa munthu amadwala pelagra: khungu la m'khosi ndi la kuseri kwa manja, kumene kumaomba dzuwa, limada n'kumasupuka, m'mimba mumatsegula, mutu umasokonekera. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala matendawa kuno ku Malawi, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira.

Mbewu ya chimanga yokhala ndi lysine ndi tryptophan wochuluka ilipo, imatchedwa QPM. Koma pooneka siisiyana ndi chimanga china chilichonse, ndipo mungu wa m'munda wa mnansi ukagwera pa ndevu zake, ubwino wakewo umachepa mlimi osadziwa. Apa ndiye pofunika kamakina. Tryptophan ndi mmodzi mwa ma amino acid ochepa amene amaonetsa okha mphamvu ya magetsi pa kachitsulo koyezera. Mlangizi wa zaulimi atanyamula kamakina kotere m'chikwama, mayi akhoza kudziwa ngati ufa wa phala la mwana wake uli ndi zimene anamulonjeza wogulitsa mbewu.

Ife tikuti akatswiri athu a ku mayunivesite a MUST ku Thyolo ndi LUANAR aigwire ntchitoyi, chifukwa kadyedwe ka mgaiwa ndi ufa woyera akukadziwa ndi iwo. Pakadali pano lysine ali mu nandolo amene Phalombe imalima kwambiri, ali m'matemba a ku nyanja ya Chilwa. Mavenda akabwera ndi sikelo zawo, pabanja lililonse patsale thumba la nandolo losagulitsa, lodya ana mpaka February.