Kuyendera ng'ombe m'tchire la heather ku England

Kummwera kwa England, m'madera a Dorset, Surrey ndi Hampshire, kuli tchire la dothi lamchenga losabereka, lodzala zitsamba zolekeza m'mawondo zotchedwa heather. Tchireli limakhalapo chifukwa cha ziweto. Likangosiyidwa, paini ndi mitengo ina imamera n'kuphimba zonse, ndipo abuluzi a mumchenga ndi lumbe, mbalame yoikira mazira pansi imene imauluka kuchokera ku Africa, amasowa pokhala. Kuchokera mu 1800, malo otere atha ndi magawo oposa 80 pa 100 alionse. N'chifukwa chake mabungwe monga Surrey Wildlife Trust amalowetsamo ng'ombe zopirira, za mtundu wa Belted Galloway, kuti zizidya udzu wokhwima ndi mitengo ikadali yanthete.

Ng'ombezi zilibe mbusa woziperekeza, ndipo usiku sizilowa m'khola. Moyo wake umadalira munthu wobwera kudzaziona, kawirikawiri wongodzipereka. Lamulo la mu 2006, Animal Welfare Act, limaika udindo wonse pa wosunga chiweto, ndipo kukula kwa tchire si chowiringula.

Woyendera amayamba n'kuwerenga. Ng'ombe ndi nyama yokonda gulu, choncho imene yasowa kapena yaima payokha ndiyo yofunika kuifufuza msanga: mwina yadwala, yatitimira m'matope, kapena yabisala kuti ibereke. Kuwerenga kumeneku n'kovuta kuposa mmene kumamvekera, poti thole likagona m'zitsamba munthu angalipitirire mapazi ochepa chabe.

Kenako amaima patali, osazidzidzimutsa, chifukwa ng'ombe ikaona mlendo imadzilimbitsa n'kubisa ululu. Yathanzi imadya, kapena imagona n'kumabzikula mwachifatse, makutu akugwedera, mchira ukuingitsa ntchentche. Ikadzuka imadziwongola. Yodwala imazyolika, makutu ali gwa pansi, msana utapindika, ubweya utanyankhalala. Apa m'pamene woyendera wabwino amasiyanira ndi wothamanga: amadikira mpaka iliyonse itayenda, kuti aone ngati ikutsimphina. Akayandikira amaona maso, mphuno ndi ndowe, komanso dzenje la kumanzere, pakati pa nthiti ndi chiuno. Likalowa kwambiri ndiye kuti ng'ombe sikudya. Likafufuma n'kulimba, mimba yadzala mpweya, ndipo dokotala wa ziweto ayenera kuitanidwa nthawi yomweyo. Ng'ombe za ubweya wambiri zimanamiza maso m'nyengo yozizira, pamene chakudya cha m'tchiremu chachepa mphamvu, moti kuwonda kumadziwika bwino poika dzanja pamsana.

Madzi ndi mpanda sizifuna luso koma khama: chomwera chisaphwe, chisaundane ndi kuzizira, ndipo chipata chisasiyidwe chotsekula.

Tchireli lili ndi zoopsa zakezake. Nkhupakupa zimafalitsa matenda amene amachititsa mkodzo kufiira. Agalu a anthu okawongola miyendo amathamangitsa mathole. Ku New Forest, nkhalango imene mfumu William the Conqueror inaipatula cha m'ma 1079, zipatso zaziwisi za mtengo wa oak zimawononga impso za ng'ombe ndi mahatchi akazidya zambiri. Kumeneko eni ziweto amamasula nkhumba kwa masiku osachepera 60 chaka chilichonse kuti zitole zipatsozo, popeza izo siziona vuto. Kulinso antchito 5 otchedwa Agisters, olembedwa ndi bwalo la Verderers la ku Lyndhurst, amene amayendera ziweto, kuthamangira ngozi zapamsewu, ndi kulamula kuti yofooka ichotsedwe m'tchire.

Masiku ano ng'ombe zina zimavala makolala a kampani ya ku Norway yotchedwa Nofence. Kolalayo imalira ng'ombe ikayandikira malire ojambulidwa pafoni, ndipo ikapitirira imaigwira pang'ono ndi magetsi. Yachepetsa ntchito yosakasaka, koma singauze zonse za thanzi la ng'ombe. Diso lotupa kapena chilonda cha pachiboda sizioneka pafoni, ndipo lamba wakeyo amafunanso kuonedwa kuti sakupweteka khosi. Woyendera akapeza vuto amalemba nambala ya pakhutu, malo ndi nthawi, n'kuimbira mwini ziweto asanachoke pamalopo.